Kuyambira pa re: mmene ndinaphunzirira Dorian pa kiyibodi

Ife amene tinakulira m'kwaya, khutu lathu limafuna nyimbo iliyonse ikathere pa do. Dorian ndi sikelo, kapena kuti mndandanda wa manoti, yomwe imayambira pa re n'kukathera pa re pomwepo. Pa makiyi oyera okhaokha, pomwe C ndi do ndipo D ndi re, ndi D E F G A B C D. Zala sizivutika: dzanja lamanja zala 1 2 3 (1 ndi chala chachikulu), chala chachikulu chidutse pansi kukagwira G, kenako 2 3 4 5. Zimenezi ndinazimaliza madzulo amodzi.

Ntchito yeniyeni inali ya khutu. Achikulire ena a ku Kabwata, amene aimba jazi kuno ku Lusaka kuyambira kale, atandimva anati, "Mphwanga, ukuimba C major basi, kungoti wayambira pakhomo la eni." Anandiuza kuti dzanja lamanzere ligwire D ndi A pansi, lisasunthe, lamanja lizingoyenda pang'onopang'ono. Ndinkakhala choncho mphindi 10 kapena kuposa, osaika kodi (manoti angapo olira pamodzi) ina iliyonse. Poyamba zimatopetsa, ndipo a pakhomo amafunsa ngati kiyibodi yawonongeka. Koma D uja akamalira pansi osaleka, C amasiya kumveka ngati pofikira, amasanduka podutsa chabe.

Kenako ndinafika pa B, noti yachisanu ndi chimodzi. D minor wamba amakhala ndi Bb, kiyi yakuda ya pakati pa A ndi B; Dorian imakweza noti imeneyo kukhala B, ndipo kusiyana konse kuli pomwepo. Ndinkaimba D F A Bb, kenako D F A B, mobwerezabwereza, uku ndikutsatira ndi pakamwa: re fa la ti. Yoyambayo imamveka yachisoni, yachiwiriyo yachisoni koma yodzutsa mutu. Magetsi akazima, monga amachitira kuno kwathu, ndinkapitiriza ndi pakamwa pokha. Ndikuona kuti zimenezi zinandithandiza kuposa kuthamangitsa zala. Makodi awiri, Dm7 ndi G7, kusinthanitsa, amaitulutsa B ija poyera chifukwa ili mkati mwa G7.

Nditakhazikika ndinayamba kumvetsera nyimbo ya jazi yotchedwa So What ya woimba lipenga Miles Davis, ya mu chimbale cha Kind of Blue cha 1959, momwe Bill Evans ali pa piyano. Nyimboyi ili ndi mabala (timagawo ta kugunda kunayi) 32: 16 mu D Dorian, 8 mu Eb Dorian, 8 kubwerera mu D. Kodi yake yotchuka ndi E A D G B, kenako zala zonse zitsike kukagwira D G C F A. Sifanana ndi makodi a manoti atatu amene tinazolowera kutchalitchi, ndipo imagwirika bwino ndi manja awiri, atatu kumanzere, awiri kumanja.

Eb Dorian ndiyo inandichedwetsa: Eb F Gb Ab Bb C Db, makiyi akuda onse 5 kuphatikiza F ndi C. Batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse, linali pafupi, koma achikulire aja anali atandiletsa kulikhudza, poti piyano yeniyeni ilibe batani. Chovuta china n'kuwerenga. Mabala 8 omaliza akalumikizana ndi 16 oyamba a ulendo wotsatira, umakhala mu D kwa mabala 24 popanda chokukumbutsa pamene uli. Ndinayamba kuwerenga anayianayi ndi phazi, metronome ya pa foni (yogunda mosasintha liwiro) ili pang'onopang'ono, mpaka kusintha kwa Eb kunasiya kundidzidzimutsa. Pano ndili pa G Dorian, yomwe ili ndi kiyi yakuda imodzi yokha, Bb.