Lachitatu: kuphunzitsa kompyuta kuwerenga zitsulo za makina otonolera chimanga

Tsiku lonse lathera pa kapulogalamu kanga kowonjezera mu FreeCAD (pulogalamu yaulere yojambulira makina pa kompyuta), kaja kowerenga zipangizo za makina otonolera chimanga amene tikupanga ku shopu. Chojambula cha makinawo chinatha kale. Chatsala n'choti chojambulacho chizitha kuyankha chokha aliyense amene akuchifunsa: wogula adziwe mabawuti angati, wodula adziwe kutalika kwa chitsulo chilichonse, wowotcherera adziwe kuti zidutswa ziti zikumana pati. Mpaka pano takhala tikuwerenga ndi maso pa sikirini n'kumalemba m'kope, ndipo shafti ikangosintha pang'ono, kope lonse limayamba kunama.

M'mawa ndinali pa gawo loyenda m'kati mwa assembly, chojambula cholumikiza zipangizo zonse za makina pamodzi. FreeCAD 1.0 itatuluka mu November 2024 inabwera ndi Assembly yakeyake, pomwe kale tinkadalira zowonjezera monga A2plus, Assembly3 ndi Assembly4, chilichonse ndi kachitidwe kake. Batani lotulutsa mndandanda wa zipangizo lilimonso, ndipo kuwerenga limawerenga bwino. Kungoti ife tikufuna zoposa pamenepo, ndiye ndikulemba zanga m'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa ma link. Bawuti imajambulidwa kamodzi kokha, ndipo zina zonse zooneka pa makina ndi App::Link, zongoloza ku bawuti yoyamba ija. Kapulogalamuka kayenera kutsatira link iliyonse mpaka kukafika pa chinthu chenichenicho, n'kuwerengera pamenepo. Kakadalira dzina looneka pa mndandanda wa kumanzere kasokonezeka, chifukwa FreeCAD ikaona mayina awiri ofanana imawonjezera manambala kumapeto, Bawuti001, Bawuti002, ndipo pepala lingatuluke ndi mizere yambirimbiri ya chinthu chimodzi. Dzinalo ndi Label, ndipo aliyense atha kulisintha nthawi iliyonse. Palinso Name, dzina la m'kati losasinthika, koma ilo limagwira m'fayilo imodzi yokha. Pa zifukwa zimenezi ndaika kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi nambala yake, yolembedwa ngati property (kabokosi kosungira chidziwitso) pa chipangizocho, ndipo kuwerenga konse kutsatire nambalayo. Chopanda nambala, kapulogalamu kakukana kuchiwerenga mwakachetechete. Kakuchilemba pamwamba penipeni pa pepala kuti munthu achione.

Kenako kuchulukitsa. Choikapo beringi chili mbali zonse ziwiri za shafti, ndipo chilichonse chili ndi mabawuti awiri, manati awiri ndi mawashala anayi. Polowa m'kagulu kakang'ono, kapulogalamu kayenera kunyamula chiwerengero cha kaguluko n'kuchulukitsa nacho zonse za m'kati. Mizere yake ndi yochepa, ndipo izi zinatha msanga.

Cha m'ma 11 koloko ndinatsikira ku shopu ndi funso limene kompyuta singandiyankhe. Ndinawapeza akulu athu owotcherera akuwongola puleti.

"Bambo, felemu ija tiilembe ngati chinthu chimodzi, kapena tilembe chidutswa chilichonse pachokha?"

Anakweza chigoba cha kumaso n'kuti, "Achimwene, zitengera kuti pepalalo mukupatsa ndani. Mnyamata wodula mukamuuza kuti felemu imodzi, adula chiyani? Koma womanga makina mukamupatsa miyendo ndi mitanda payokhapayokha, azifunafuna pansi zinthu zoti ine ndinaziwotcherera kale."

Yankho limeneli landikonzera kapulogalamu konse. Makina amodzi omwewo ali ndi mindandanda itatu, wa wogula, wa wodula ndi wa womanga makina, ndipo yonse ndi yoona. Ndiye chipangizo chilichonse chalandira property yachiwiri yonena mtundu wake: chogula, chodula, kapena chowotcherera. Kapulogalamu kakafika pa chowotcherera, pa pepala la womanga kakulemba mzere umodzi n'kuima, koma pa pepala la wodula kakulowa m'kati n'kutulutsa zidutswa zonse. Kakafika pa chogula, kakuima pomwepo pa mapepala onse. Izi n'zofunika kwambiri pa ma beringi. Tikugwiritsa ntchito UCP205, ya shafti ya mamilimita 25, ndipo fayilo ya chojambula chake, ya mtundu wa STEP, imene ndili nayo ikatsegulidwa imaonetsa zidutswa zingapo: chigoba, beringi ya m'kati, timasikuluwu tiwiri tomangira pa shafti, ndi kapopopera girizi. Ku hadiweya palibe amene angakugulitse zimenezo payokhapayokha. Ndi chinthu chimodzi, mtengo umodzi, mzere umodzi.

Tili pomwepo inatulukanso nkhani ya mabawuti, ndipo ndinakondwa kuti yatuluka tisanagule. Ku shopu bawuti imadziwika ndi sipanala yake. Akati "ya 17" akutanthauza M10, "ya 19" ndi M12, "ya 13" ndi M8. Umu ndi mmene zilili pa muyezo wakale wa ku Germany, DIN 933. Koma pa muyezo wa padziko lonse, ISO 4017, mutu wa M10 ndi wa sipanala 16, ndipo wa M12 ndi wa 18. Pa mabawuti atatuwa, pa M8 pokha ndi pamene miyezo iwiriyi imagwirizana. Chowonjezera cha FreeCAD chojambulira mabawuti, Fasteners, chili ndi mitundu yonse iwiri, ndipo wojambula amasankha yekha. Kwa ine nkhaniyi si yaing'ono. Makinawa akakhala kumudzi, kutali ndi shopu, ndipo wowasamalira ali ndi masipanala ochepa amene anagula kalekale. Lamba akakhwefuka pakati pa nyengo yokolola n'kupeza kuti sipanala ikungozungulira pa mutu wa bawuti, ntchito yaima. Tagwirizana kuti pepala la wogula lizionetsa zonse: kukula kwa bawuti, kutalika kwake, kulimba kwake monga 8.8, ndi sipanala yoyenera. Ndipo m'makina amodzi mukapezeka miyezo iwiri yosakanikirana, kapulogalamu kazichenjeza.

Nditadya nkhomaliro ndinakhala pa gawo limene ndimalikonda kuposa onse, la kadulidwe. Angle iron timagula ya mamita 6. Funso la wogula n'lakuti agule zingati, ndipo kungophatikiza kutalika kwa zidutswa zonse n'kugawa ndi 6 kumapereka yankho lolakwika. Taganizirani zidutswa zisanu za mamilimita 1200. Pa pepala zikukwana 6000 ndendende, chitsulo chimodzi. Koma disiki yodulira imadya pafupifupi mamilimita 3 pa kudula kulikonse. Kudula kanayi kwadya 12, ndiye chidutswa chachisanu chatsala 1188, chaperewera. Telala amazidziwa izi pa nsalu yake, amasiya malo a msoko asanaike sizasi. Kapulogalamu nako tsopano kakuchotsera zimene disiki imadya, ndipo nambalayo munthu atha kuisintha ngati akudula ndi sowo.

Njira yosanjira ndatenga yosavuta. Kakuyamba ndi chidutswa chachitali kwambiri, kukachiika pa chitsulo choyamba chimene chili ndi malo, kenako chotsatira, mpaka zazifupi zidzaze mipata. Si nthawi zonse pamene njira imeneyi imapeza kasanjidwe kopambana konse, koma imafika pafupi, ndipo wodula atha kuitsatira ndi choko m'manja osafunsa munthu. Zotsala zopitirira theka la mita kakuzilemba padera kuti zisungidwe. Chitsulo chakwera mtengo moti zidutswa zodzaza pakona pa shopu zija zimandiwawa ndikaziona. Ndi ndalama za mlimi amene adzagule makinawa.

Alipo anzanga amene amagwira ntchito m'makampani okhala ndi SolidWorks, pulogalamu yojambulira yolipira, ndipo amandiuza kuti mndandanda wa zodula amaupeza m'gawo la weldments, zina n'kuwonjezera ndi macro ya VBA kapena add-in ya C#. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ina, Inventor, ali ndi iLogic. Zida zabwino ndithu. Ife layisensi yolipira m'ndalama zakunja sitingaikwanitse panopa, ndipo FreeCAD yatipatsa khomo lotseguka. Koma funso la akulu aja, lakuti pepala ukupatsa ndani, aliyense wolemba zida zoterezi amakumana nalo, kaya ali pa pulogalamu iti.

Chakumadzulo ndinawonjezera kulemera. FreeCAD imapereka Shape.Volume, kukula kwa chinthu m'makiyubiki milimita, ndipo chitsulo wamba chimalemera makilogalamu 7850 pa kiyubiki mita. Kuti nditsimikize, ndinayesa pa angle iron ya 40 x 40 x 4, imene matebulo amati imalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa mita, ndipo zotuluka zinali pafupi kwambiri ndi pamenepo. Pa zogula sindikudalira chojambula, chifukwa mota yojambulidwa ngati chibuma cha chitsulo ingaoneke yolemera kuposa yeniyeni. Pamenepo kulemera kukulembedwa ndi dzanja kuchokera pa pepala la wopanga. Kulemera kwa makina onse kukufunika chifukwa ambiri adzawanyamula pa ngolo kapena pa kagalimoto kakang'ono.

Mapepala atatu aja atuluka ngati mafayilo a matebulo a CSV, ndipo la wodula ndalisandutsa PDF n'kulitumiza pa WhatsApp. Yankho labwera ndisanatseke kompyuta: manambala akhale akuluakulu, pa foni sakuoneka bwino, ndiponso chidutswa chilichonse chikhale ndi chilembo choti achilembe pa chitsulo ndi choko. Zonse ziwiri ndi zomveka, ndipo ndazichita.

Pakali pano kadakali macro, fayilo imodzi yaitali ya malamulo. Mawa ndikagawa m'mafayilo, ndikaike mu foda ya Mod pamodzi ndi InitGui.py ndi package.xml kuti kakhale ndi mabatani akeake, mnzanga wojambula azitha kukagwiritsa ntchito ine kulibe. Chikatha chimenecho ndiyamba gawo loyerekeza mndandanda watsopano ndi wakale, chifukwa sabata yamawa tikulitsa pule ya pa shafti kuti ng'oma yotonolera izizungulira pang'onopang'ono, isamaswe chimanga, ndipo wogula ayenera kuona mizere yokhayo imene yasintha.