Lachitatu ku Chipata: WhatsApp itakana m'mawa

Cha m'ma 9 koloko m'mawa wa lero, mauthenga a WhatsApp anasiya kupita pa netiweki imodzi kuno m'tauni. Kawotchi kaja kanangoti njo pambali pa uthenga uliwonse. Pasanathe ola, pamsika wa Kapata nkhani inali itafala yakuti atsekanso intaneti. Amayi ena anafunsa mnyamata wa pa kantemba ka ndalama za pafoni kuti, "Mwanawe, kodi atitsekeranso?" Iye anati, "Iyayi amayi, taonani foni ya mnzangayu, ya netiweki ina, ikuyenda bwinobwino." Anayankha molondola. Pofika masana zonse zinabwerera, ndipo linali vuto wamba, chifukwa pa netiweki imeneyo masamba onse ankakana, osati WhatsApp yokha.

Anthu sanalakwe kuopa. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook, Twitter ndi Messenger zinatsekedwadi muno m'Zambia. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Chapter One Foundation linatengera ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ku High Court, khoti linalamula kuti zitsegulidwe, ndipo mu 2022 ZICTA inavomera pamaso pa khoti kuti siidzachitanso zinthu zopyola mphamvu zomwe lamulo limaipatsa. Kale mu 2013, tsamba la nkhani la Zambian Watchdog nalonso linatsekedwa.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti nduna siigwira waya. Boma limangolamula, otseka ndi mainjiniya a kampani ya foni, pa makina a kampaniyo. Kampani imamvera chifukwa laisensi yake ili m'manja mwa boma lomwelo. Ku Zimbabwe mu Januwale 2019, kampani ya foni ya Econet inauza makasitomala ake poyera kuti yatseka intaneti molamulidwa, ndipo khoti linadzagamula kuti lamulolo linali losavomerezeka. Kuulula koteroko n'kosowa. Makampani ambiri amangoti zii, kapena kunamizira kuti makina avuta.

Katsekedwe kake kamasiyana, ndipo mankhwala ake amasiyananso. Kosavuta kwambiri n'kusokoneza DNS, kaundula amene amasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala yake. Foni ikafunsa za facebook.com, imauzidwa kuti kulibe. Izi zimalambalalika msanga: pa foni ya Android 9 kapena yatsopano kuposa apo, lowani mu Settings, pezani Private DNS, lembani dns.google. Zikapanda kusintha, n'kutheka kuti akugwiritsa ntchito makina osecha uthenga, otchedwa DPI. Makinawa sangawerenge zomwe mwalemba pa WhatsApp, koma amaona dzina la kumene foni ikufuna kulumikiza, n'kudula pomwepo. Apa pamafunika VPN, pulogalamu yomwe imakulunga zonse kuti kampani izingoona kuti mwalumikiza ku seva ina basi.

Njira yochenjera kwambiri ndi yochepetsa liwiro. Mawu olemba amapita, koma vidiyo imangozungulira mpaka munthu kutopa, ndipo kampani imatha kunena kuti anthu anangochuluka pa nsanja. Umboni wake ndi wovuta kuupeza. Akazimitsa intaneti yonse, monga ku Uganda kuyambira pa 13 Januwale 2021, tsiku loti mawa lake masankho, VPN iliyonse ilibe ntchito. Pamatsala kuimba ndi SMS, zomwe kampani imatha kuziona, komanso pa SIM yolembetsedwa ndi NRC yanu.

Masanawa anthu angapo anaika VPN mothamanga, ena n'kuyamba kudandaula kuti tokitaimu yatha osadziwa. Chifukwa chake n'ichi: bando ya WhatsApp kapena Facebook yokha imagwira ntchito pamene kampani ikuzindikira kuti mukupita kumeneko. VPN ikabisa zimenezo, bandoyo siiwerengedwa, ndipo foni imakana kulumikiza kapena imadya tokitaimu. Choncho VPN imafuna bando ya intaneti yonse. Imathanso batire msanga, zomwe si zazing'ono pa masiku a magetsi ozimazima. Ndipo VPN yaulere yosadziwika mwini wake ndi yoopsa, popeza zonse zomwe mumabisira kampani ya foni mukuzipereka kwa iyeyo. Psiphon ndi Proton VPN n'zodziwika bwino. Ndi bwino kukhala ndi ziwiri, imodzi ikatsekedwa ina itsale.

Tsiku lina zikadzachitikanso, yambani mwayesa SIM ya kampani ina, kenako tsegulani tsamba wamba ngati Google. Ngati masamba ena akutseguka koma WhatsApp ndi Facebook zakana pa manetiweki awiri kapena atatu nthawi imodzi, n'kuyamba kuyenda mukangoyatsa VPN, pamenepo pali dzanja la munthu. Pulogalamu ya OONI Probe imayeza zimenezi n'kusunga umboni, koma dziwani kuti zotsatira zake zimaikidwa poyera, pamodzi ndi dzina la dziko ndi netiweki.

Makampani akunja nawonso si oyera. Mu 2017 Apple inachotsa mapulogalamu a VPN m'sitolo yake ya ku China. Mu Seputembala 2021, masankho a ku Russia akuyamba, Apple ndi Google anachotsa pulogalamu ya gulu la Alexei Navalny, wotsutsa boma la kumeneko, boma litawaopseza. Nthawi zina kampani ikalimba mtima, chilango chimagwera anthu wamba: Twitter itafufuta uthenga wa Pulezidenti Muhammadu Buhari wa ku Nigeria mu Juni 2021, dzikolo linaitseka mpaka Januwale 2022, ndipo ochita malonda pa intaneti ndiwo analira. Kuno kwathu, malamulo a Cyber Security ndi Cyber Crimes omwe anasainidwa mu Epulo 2025 adandaulitsa maloya ndi atolankhani pa nkhani yomvetsera mauthenga a anthu, ndipo ntchito yomvetserayo imadutsanso pa makina a makampani omwewa.

Pofika madzulo mphekesera inali itazilala. Mnyamata wa pa kantemba uja anali akuthandizabe makasitomala kuika VPN pamene netiweki ili bwino, chifukwa tsiku lotseka likafika, masamba otengerako VPN nawonso amatha kutsekedwa. Kwa amene analibe bando, ankawatumizira fayilo ya Psiphon pa Bluetooth.