Khobwe wandigonetsa mochedwa masiku atatu

Zatheka tsopano. Kapulogalamu kanga ka Django (chida cha Python chopangira mawebusayiti) kolemba mitengo ya mbewu m'misika kakumadzuka maboma onse 28 ndi mbewu 12 zili kale mu database. Ndikangolemba migrate, lamulo lokonza database, Chitipa mpaka Nsanje mbwee, m'zigawo zake: 6 kumpoto, 9 pakati, 13 kumwera. Koma kuti ndifike apa ndaona zakuda.

Poyamba ndinkadalira fixture, fayilo ya data yokonzeratu, kenako n'kumaiwala loaddata, lamulo loilowetsa, nthawi iliyonse ndikamanga database yatsopano. Amene munayamba kale mukukumbukira kuti fixture yotchedwa initial_data inkalowa yokha, mpaka Django 1.7 itabwera ndi migrations (mafayilo osintha database) mu 2014, ndipo pofika 1.9 njira ija anaichotseratu. Ndiye ndinati zinthu zosasinthasintha ngati maboma zikhale mu migration. Ndinapanga yopanda kanthu ndi makemigrations --empty, n'kuikamo RunPython, ma model n'kuwatenga ndi apps.get_model monga mwa lamulo. Apa ndinapunthwa pang'ono, chifukwa model yotengedwa choncho siidziwa save() yomwe unalemba wekha, moti ma slug onse, mayina achidule a mu URL amene save() yanga imapanga, anatuluka opanda kanthu. Zimenezo ndinakonza tiyi asanazizire.

Chomwe chinandidya ndi ichi. Pofuna kuti chimanga chizikhala nambala 1 paliponse, mtedza 2, soya 3, ma id (manambala a mizere mu database) ndinawalemba ndekha mu migration. Pa laputopu, pomwe ndimagwiritsa database ya SQLite, zonse myaa. Nditakweza pa seva yomwe ili ndi database ya PostgreSQL, mlamu wanga amene amagula mbewu ku Mchinji anandiimbira: "Alamu, khobwe mwamusiya bwanji?" Ndinalowa mu admin kuti ndimuwonjezere. Kudina Save, tsamba la error: duplicate key value violates unique constraint, akuti id=1 ilipo kale. Kudinanso, akuti id=2 ilipo kale.

Nambala imeneyo inkasintha ine ndikuona, koma mutu sunagwire. Ndinakayikira form, ndinakayikira admin.py, ndinafufuta cache, magetsi n'kuthima ndili pakati. Usiku wachiwiri, nditadina mokwiya kangapo, khobwe analowa yekha. Ndinagona ndikudzitama kuti ndakonza, chonsecho sindikudziwa chomwe ndakonza. Kutacha ndinamanganso database kuti nditsimikize, vuto lija ili bwerere, kuyambiranso pa id=1.

Nkhani yake ndi sequence. PostgreSQL ili ndi kowerengera kakekake kopereka ma id, ndipo ukalowetsa mzere ndi id yako, kowerengerako sikasuntha. Kwa iko tebulo likadali lopanda kanthu. Komanso kakapereka nambala sikaibweza, ngakhale kulowetsako kulephere. Ndiye kudina kwanga konse kuja ndinkangokakankha, 1, 2, 3, mpaka kanadutsa 12 n'kupeza malo pa 13. SQLite ilibe mwambo umenewu, imangopitiriza pamwamba pa nambala yaikulu yomwe yalowa kale, n'chifukwa chake kunyumba kunali zii.

Mankhwala achangu alipo, sqlsequencereset, koma dziwani kuti imangokusindikizirani SQL, kuiyendetsa n'kwanu. Ndinaganizako zoika setval, lamulo losunthira kowerengera kaja, mu RunSQL, koma ndinaona kuti ndikungomata ming'alu. Cholakwika chinali kukakamira ma id. Ndawachotsa onse, mbewu iliyonse ndi boma lililonse ndazipatsa code yakeyake, ndipo migration ikugwiritsa update_or_create potsata code imeneyo. Chimanga chikhale 1 kapena 40, zilibe kanthu. Pobwerera m'mbuyo ndaika RunPython.noop, yomwe sichita kalikonse, chifukwa kufufuta boma lomwe lili kale ndi mitengo kumbuyo kwake n'kudziputira mavuto.

Zandikumbutsa kapulogalamu kanga koyamba ka PHP ka banki m'khonde ya amayi akumpingo. Kumeneko ndinali ndi fayilo imodzi ya SQL yomwe ndinkaiponya mu phpMyAdmin, ndipo inali pa flash yomwe inachapidwa limodzi ndi buluku.  

Ena mundiuza kuti mbewu si zinthu zokhazikika, zisakhale mu migration. Mwina mukunena zoona, khobwe wachitira umboni. Ngakhale maboma amasintha, Neno inali mbali ya Mwanza mpaka 2003. Koma kusintha kotere kumabwera mwa apo ndi apo, ndipo migration yatsopano ya mizere isanu ikwanira.

Chotsatira ndi ma T/A onse pansi pa boma lililonse, kenako misika, kenako mwina USSD kuti alamu azitumiza mitengo pa kafoni kawo ka mabatani. Ma test sindinawakhudzebe, ndipo ndikudziwa kuti TransactionTestCase imasesa matebulo onse a mu database ya ma test ikamaliza, ndi maboma anga omwe. Imeneyo ndi ya Loweruka, magetsi akalola.