Lachinayi, nkhani ya kiyi

Madala a ku workshop anangobwera kudzabwereka multimeter, koma anatha nthawi yaitali ataima kumbuyo kwa mpando wanga, manja kumbuyo, akuyang'ana menuconfig, tsamba losankhirapo zoyatsa ndi zozimitsa mu pulogalamu, ngati akuwerenga nyuzi. Ine n'kuti ndili pa Security features, ndikufuna kuyatsa secure boot, loko woletsa chip kuyendetsa pulogalamu imene sitinasaine ife, pa board yoyeserera ya ESP32, chip imene timaika mu zipangizo zathu. Bwana anagamula kale kuti ma controller a sola onse otuluka kuyambira mwezi wamawa akhale otsekedwa, chifukwa alipo anyamata kumsika amene akuflasha firmware yawoyawo, kutanthauza kulemba mu chip pulogalamu yawo m'malo mwa yathu, chipangizo n'kumayaka osalipira za pamwezi.

"Achimwene, chimenechi mukachiyatsa chimazimitsika?"

Ndinati ayi madala, sichizimitsika. Ndipo ndinayamba kufotokoza mokoma, poti nkhaniyi ndimaikonda. ESP32 ikangolandira magetsi, choyamba kudzuka ndi kapulogalamu ka mu ROM, kamene a Espressif, opanga chipyo, anakaumbira m'kati ku fakitale ndipo palibe angakasinthe. Kameneko kamayang'ana bootloader, kapulogalamu kodzutsa app yathu, kuti kodi siginecha yake ndi yoona. Bootloader ikadutsa, nayonso imachita chimodzimodzi kwa app yathu. Kusaina kumachitika ndi kiyi yachinsinsi ya RSA ya ma bit 3072, imene imakhala kwa ife. Mu chip simulowa kiyi yachinsinsiyo ayi, mumalowa chidindo cha kiyi inzake yapoyera, yotsimikizira siginecha, chidindo cha SHA-256, ma byte 32 basi, ndipo chimawotchedwa mu eFuse, malo a mu chip olembedwa kamodzi kokha, mu gawo lotchedwa BLOCK2. Bit ya eFuse ikachoka pa 0 kupita pa 1, yapita. Kenako bootloader imawotcha ina yotchedwa ABS_DONE_1, ndiye kuyambira pamenepo chip imakana chilichonse chimene sitinasaine ife.

Madala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Akuti ndiye kuti loko mukumuwotcherera pachitseko, kiyi n'kukhala imodzi. Nanga kiyiyo ili kuti?

Ili pa laputopu yanga. Ndi kafayilo ka .pem kamene ndinakapanga ndi espsecure.py, ndipo kali mu foda imodzi ndi zina zonse. Yoyeserera, inde, koma yeniyeniyo nayonso palibe amene wanenapo kuti idzakhala kuti. Mu miting'i ya Lolemba tinakamba za anyamata akumsika, za ndalama zimene zikutayika, za masiku. Za amene adzasunge kiyi sanatchule ndi mmodzi yemwe.

Ndinawauza kuti zimenezo zili ndi njira zake. Malangizo a ESP-IDF, zida za Espressif zolembera firmware, amalola kuti kusaina kuzichitikira pa kompyuta ina yapadera, kapena mu HSM, kachipangizo kosunga makiyi kamene sikatulutsa kiyi kunja. Ndimayankhula uku ndikudzimva ndekha kuti mawu anga akumveka ngati a munthu wotsatsa malonda. Iwo sanatsutse. Anangofunsa kuti ikatayika? Ikatayika, palibenso update, kaya ya pa OTA (yodzera pa network) kaya ya pa waya. Chipangizo chidzakhala ndi firmware imeneyo mpaka kufa kwake, ndi zolakwika zake zonse. Nanga ikabedwa? Apo ndiye poipa kwambiri, chifukwa wakubayo atha kusaina chilichonse ndipo chip idzachilandira ndi manja awiri. Pa ESP32 wamba malo a chidindo ndi amodzi okha. Pa ESP32-S3 ndi C3 mungathe kuika zitatu, imodzi ikaonongeka n'kuiletsa, koma ma board athu anajambulidwa kale pa wakaleyu ndipo kutchula za kusintha chip panopa ndi kuputa mkangano wa forex.

Kenako, ngati kuti zija sizinakwane, ndinawauzanso mbiri. Sindikudziwa chimene chinandituma. Mu 2019 wofufuza wina wodzitcha LimitedResults anaonetsa kuti ukagwedeza magetsi olowa mu ESP32 pa kanthawi koyenera, chip imalumpha kuyang'ana kuja, ndipo makiyi a mu eFuse omwe amayenera kukhala obisika amawerengeka. Imeneyo inali secure boot yoyamba, yodalira kiyi ya AES yosungidwa m'kati mwa chip momwemo. A Espressif anatulutsa chip yokonzedwa, revision 3, ndipo Secure Boot V2 imayenda kuyambira pa imeneyo. Madala anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye kuti mbava yodziwa ntchito imalowabe, otsala panja ndi ife okonza.

Si zoona kwenikweni, ndinatero, pa ma chip atsopano njira ya mu 2019 ija anaitseka. Koma mbali yachiwiri ya mawu awo ndinalibe poigwira. Secure boot ikayaka, JTAG, khomo lofufuzira zolakwika m'kati mwa chip, imatsekedwa. Ukafuna kutseka bwinobwino umaletsanso kuflasha kwa pa waya wa UART. Ndiye board ikabwera kuchokera ku Mulanje itasokonezeka, madala amene kwa zaka zonsezi akhala akuilumikiza, kuiwerenga, kuiflashanso n'kuibweza tsiku lomwelo, tsopano azingosintha capacitor ndi ma relay, zikakanika aitaye.

Apa mpamene ananena chimene chandikhala pamtima. Sanakweze mawu. Akuti achimwene, mayi wina akamaliza kulipira, chipangizo chija ndi chake, si choncho? Kampani ino ikadzatseka, kapena inu mukadzapita ku Joni ndi laputopu yanu, iye adzapita nacho kwa yani?

Ndinayankha kuti firmware imatsegula yokha malipiro akatha, zimene ndi zoona. Koma iwo amafunsa zina, ndipo tonse timadziwa. Chip siidziwa kuti ngongole yatha. Imadziwa chidindo chimodzi, ndipo idzachikhulupirira zaka khumi zikubwerazo, kaya mwini chidindoyo alipo kaya kulibe.

Anatenga multimeter n'kumapita, ine n'kutsala ndi mkwiyo umene sindimadziwa kuti ndiuloze kwa yani. Kunena zoona, chimene chimandisangalatsa pa secure boot ndi ukhondo wake. ROM ikhulupirira bootloader, bootloader ikhulupirira app, palibe zonyengerera, palibe "ndithandizeni bwana". Ntchito zambiri zimene ndimagwira ndi zongoyerekeza, batire ikunama, network ikugwa, sensa ikuonetsa zake. Ichi chokha ndi chimene chimati inde kapena ayi. Ndiye munthu akabwera n'kuonetsa kuti kumapeto kwa unyolo wonsewo kuli kafayilo m'chikwama changa chimene ndimakwera nacho minibasi ya ku Limbe madzulo aliwonse, zimandiwawa ngati wandinyoza ineyo.

Komanso sindikufuna kuoneka ngati ndikuikira kumbuyo oflasha aja. Ndalama zimene akutibera ndi zomwezo zimene zimalipira madala pakutha pa mwezi. Ndipo si nkhani ya ngongole yokha: firmware ndi imene imaletsa batire kutchajidwa mopitirira, ndiye ya munthu wosadziwika ikalowamo, nyumba ya munthu itha kupsa. Zimenezi ndinaiwala kuwauza, zabwera m'mutu ndili kale pakhomo, mwa nthawi zonse.

Board ija ndinaiyatsabe, kaya inali nthawi yanji, dzuwa litapendeka. Bootloader inakula mpaka kusakwana pamalo pake, ndinachita kusuntha partition table, ndandanda ya magawo a memory, kuichotsa pa adiresi ya 0x8000. Komanso idf.py flash, lamulo loflashira la masiku onse, siilemba bootloader secure boot ikakhala yoyatsa, umachita kuilemba wekha ndi lamulo la esptool, pulogalamu yolankhula ndi chip, limene build imakusindikizira, dala, kuti usachite mwangozi. Zinayenda. Ndinayesa kuikamo app yosasaina, inakana. Ndimayembekeza kuti ndisangalala.

Flash encryption, yobisa zolembedwa mu flash, memory yosunga firmware, sindinaikhudze. Secure boot payokha siibisa kanthu, munthu atha kuwerengabe flash yonse n'kuona zili m'mwemo, ndiye ziwirizi zimayenera kuyendera limodzi. Koma pa kuyaka koyamba chip imadzilembera yokha flash mobisa, ndipo magetsi akazima ili m'kati mwa ntchitoyo, zolembedwazo zimaonongeka. Kwathu kuno chenjezo limenelo si lowerenga n'kudutsa. Pafunika UPS, batire yogwirizira magetsi akazima, pa tebulo loflashira, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yokakamba ndi bwana.

Ndayamba kulemba email yofunsa kuti kiyi yeniyeni adzasunge ndani, makope akhale angati, ndipo kampani itatha ipite kwa yani. Chiganizo chomalizachi ndachifufuta, ndachibwezeretsa, panopa chili pomwepo koma sindinatumize. Bwana sakonda mawu oti "itatha". Mawa ndiyambe ndaona ndi esptool kuti ma module ali m'makatoni aja ndi a revision iti, poti ena anagulidwa kalekale kwa munthu amene sanafunse n'komwe. Akapezeka kuti ndi ochepera pa 3, V2 siyendapo, ndiye zonsezi tikayambirenso pena.