Mmene ndinapezera vani ya maonekedwe akale yoperekera maluwa

Ndimagulitsa maluwa odula ndi a m'miphika, ndipo katundu wambiri ndimachita kukatula pakhomo pa ogula. Kwa zaka zingapo ndinkayendera vani yoyera, yofanana ndi zinzake zonse pamsewu. Ntchito inkagwira, koma palibe ankaicheukira. Ine ndinkalakalaka galimoto yoti ikangoima anthu aziyandikira okha, n'kuwerenga dzina la shopu asanaone n'komwe maluwawo.

Mtima wanga unali pa Citroën H, vani ya ku France yomwe inapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1981. M'mbali mwake muli mizere ngati malata, ndipo sikuti ankangokongoletsa ayi: chitsulo chopyapyala chikapindidwa chonchi chimalimba popanda kuwonjezera kulemera. Injini ili kutsogolo ndipo imakoka ndi matayala akutsogolo, n'chifukwa chake pansi pake ndi potsika, posalala, ndipo munthu amatha kuimirira mkatimo. Kwa ine wokweza ndowa zodzaza madzi m'mawa uliwonse, imeneyo si nkhani yaing'ono. Ndinaganizirakonso Volkswagen Type 2, ija ambiri amaitcha Kombi, yomwe inayamba kupangidwa mu 1950 ndipo ku Brazil anaisiya mu 2013. Masipeya ake sasowa. Koma injini yake ili kumbuyo, motero pansi pamakwera pamalo enieni olowetsera katundu. Ndinaisiya, ngakhale mtima unkaifunabe.

Ndisanaimbire aliyense foni ndinatenga tepi ndi sikelo. Ndinayeza msinkhu wa chomera cha mumphika chachitali kuposa zonse zomwe ndimagulitsa, ndinayeza kulemera kwa katundu wa tsiku lotanganidwa, ndinalemba makilomita omwe ndimayenda pa sabata. Kapepala kameneko ndinkayenda nako m'chikwama, ndipo kanandiletsa kugula ndi maso kangapo konse.

Citroën H yoyamba yomwe ndinakaona inali yopentedwa kumene, yobiriwira, yowala mwakuti ndinadziona nkhope pachitseko. Ndikanapita ndekha ndikanapereka ndalama tsiku lomwelo. Mwamwayi ndinatengana ndi makaniko wachikulire amene wakhala akundikonzera magalimoto. Iwo sanayang'ane penti. Anatulutsa kamaginito m'thumba, n'kukakulunga m'kansalu kuti kasakande, n'kuyamba kukayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pamene pali chitsulo kankamata. Atafika chakumbuyo kanangogwa pansi, kuti phaa! Anakatola, n'kuyesanso pomwepo, kanagwanso. Pamenepo panalibe chitsulo, panali phala lomatira bodi lobisa bowo. Kenako anagona chagada pa katoni, n'kulowa kunsi ndi tochi. Atabaya pang'ono ndi sikuludiraiva, dzimbiri linawathothokera kumaso.

Wogulitsayo anati zimenezo n'zazing'ono. Makanikowo sanatsutsane naye, anangondikodola kuti tizipita. M'njira anandiuza kuti injini yakufa imadzuka, koma dzimbiri likalowa m'chitsulo chomwe chanyamula galimoto, wowotcherera amakhala mnzako wa chaka chonse.

Yachiwiri inali yabwino ndithu, mapepala ake olongosoka, nambala ya chesisi (chitsulo chonyamula thupi la galimoto) yogwirizana ndi ya m'buku. Mwini wake anandilola kuiyendetsa. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala ngati mwana. Koma magiya ndi atatu okha, chiwongolero n'cholimba pokhota pamalo opanikizika, mabuleki amafuna kuwapondera patali, ndipo phokoso la injini silikulola kumva foni. Nditatsika, makaniko aja anandifunsa modekha: "Mayi, mukufuna galimoto yokaonetsa Lamlungu, kapena yodzuka nanu m'mawa uliwonse?" Funso limenelo ndinagona nalo masiku angapo. Maluwa a ukwati sadikira kuti sipeya ifike kuchokera kutali. Akachedwa maola awiri padzuwa, afota basi.

Apa m'pamene ndinayamba kufufuza njira ina, ya galimoto yamakono yovekedwa thupi lachikale. Si zachilendo. Ku England kampani ya Asquith inayamba m'zaka za m'ma 1980 kupanga mavani ooneka ngati a m'ma 1920 pa chesisi ya Ford Transit. Mu 2017, pokumbukira zaka 70 za Citroën H, Fabrizio Caselani wa ku Italy ndi David Obendorfer anatulutsa mapanelo a fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi) omwe amavekedwa pa vani yamakono ya Citroën Jumper, n'kuisandutsa mdzukulu wa H uja, mizere ya malata ndi nyali zozungulira zili pomwepo. Kunsi kwake injini, mabuleki ndi malamba zonse n'zamasiku ano. Okonda magalimoto akale ena amati imeneyi si yeniyeni. Akunena zoona, koma ine sindimasunga magalimoto, ndimagulitsa maluwa.

Ndinasankha njira imeneyo, ndipo apa pali pomwe ndinatsala pang'ono kudzigwetsa m'dzenje. Ndinapeza vani yogwiritsidwapo ntchito yomwe inandisangalatsa, ndipo ndinali pafupi kulipira ndisanafunse amisiri oveka thupi. Nditawaimbira, anandiuza kuti mapanelo amapangidwa molingana ndi kutalika kwa galimoto, msinkhu wa denga komanso chaka chake, ndipo ija ndinaipezayo sinali yogwirizana. Ndiye yambani mwapeza amisiri, akupatseni muyeso, kenako mukasake galimoto.

Nditapeza vani yogwirizana, ine ndi amisiriwo tinalemba pangano: ntchito iti ndi iti, mtundu wa penti ndi nambala yake, tsiku lomaliza, komanso kuti ndizilipira m'magawo ntchito ikamaoneka. Anachedwabe ndi milungu ingapo, koma chifukwa ndalama yomaliza inali m'manja mwanga, foni yanga inkayankhidwa. Ndinkapitako sabata iliyonse kukaona mipata ya zitseko, ngati zikutsekeka bwino komanso ngati madzi sangalowe m'malumikiziro.

Ntchito itatha ndinaikweza pa sikelo ya magalimoto. Mapanelo ndi mashelefu zimadya gawo la katundu yemwe galimoto imaloledwa kunyamula, ndipo m'mayiko ambiri laisensi wamba imathera pa makilogalamu 3,500, galimoto ndi katundu pamodzi. Nambala ya pa sikelo ndinaiyerekeza ndi kapepala kanga kaja, ndipo malo anatsalako. Ndinakanena za kusinthako ku ofesi yolembetsa magalimoto, iwo n'kuiyendera. A inshuwaransi ndinawapatsa zithunzi ndi malisiti onse, n'kupempha kuti mtengo wa thupi latsopanolo ulembedwe m'pangano, kuopa kuti tsiku la ngozi angadzaiwerengere ngati vani wamba.

Dzina la shopu sindinafune la zomata. Ndinapeza mmisiri wolemba ndi burashi, yemwe anavutika ndi mizere ija masiku awiri, chilembo chilichonse kukwera ndi kutsika m'timigula ta malata. Mkati tinaikamo mashelefu okhala ndi mabowo olowetsamo ndowa kuti madzi asatayike pokhota, ndi kafani kotulutsa mpweya wotentha padenga.

Tsiku loyamba kutuluka nayo ndinali ndi maoda asanu ndi limodzi. Pakhomo lachiwiri, ndikutsitsa ndowa, agogo ena odutsa anaima, n'kugogoda m'mbali mwake ndi chala kuti amve ngati n'chitsulo. Ndinawauza kuti ndi fibreglass, ndipo kunsi kwake ndi galimoto yamakono. Anagwedeza mutu, anaizungulira kamodzi, kenako anafunsa ngati maluwa achikasu omwe anali pakhomo la vaniyo anali ndi mwini kale.