Kusiya fodya mothandizidwa ndi foni ndi wotchi yamakono

Chibaba cha fodya sichikhala tsiku lonse. Chimabwera mwamphamvu kwa mphindi zochepa, kenako chimatsika chokha ngakhale munthu asanayatse ndudu. Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amabweretsa chibabacho, amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20 mutakoka utsi, ndipo pakadutsa maola awiri theka lake limakhala latha m'magazi, n'chifukwa chake thupi limapemphanso ina. Masiku atatu oyamba ndi amene amasautsa kwambiri. Kupsa mtima msanga, kusowa tulo ndi kusakhazikika maganizo zimachepa pakatha milungu iwiri mpaka inayi. Ubwino wa foni ndi woti imakhala m'thumba pa mphindi zovutazo, pamene dokotala ali kutali.

Musaderere foni ya mabatani. Kafukufuku wa txt2stop, amene anachitika ku UK ndi kufalitsidwa mu 2011, anapeza kuti mwa anthu amene ankalandira mauthenga a SMS owalimbikitsa, 10.7 pa 100 alionse anali asanasutenso patatha miyezi 6, pamene mwa anzawo amene sankalandira mauthenga oterowo anali 4.9 okha. Umboni wa mauthenga wamba ndi wolimba kuposa wa mapulogalamu ambiri a pa Play Store. Ngati muli ndi m'bale wokhulupirika amene angamakutumizireni uthenga pa nthawi zimene mwagwirizana, mwayamba kale bwino.

Kwa amene muli ndi foni ya Android, mapulogalamu odziwika ndi Smoke Free, Kwit ndi QuitNow, ndipo ntchito yawo njofanana: kuwerenga masiku, ndalama zimene mwapulumutsa, ndi kulemba chibaba chilichonse. Ikani imodzi yokha. Sankhani tsiku losiyira lomwe lili mkati mwa milungu iwiri ikubwerayi, ndipo mlungu wotsogolera tsikulo muzisuta monga mwa masiku onse koma muzilemba ndudu iliyonse: nthawi yake, malo ake, ndi amene munali naye. Lembani musanayatse. Mukati mudzalemba madzulo, zina mudzaziiwala.

Apa ndi pamene ambiri muno mu Lilongwe amasokonezeka. Mapulogalamuwa amafunsa mtengo wa paketi ndi kuchuluka kwa ndudu zake, chonsecho ife timagula imodziimodzi pa okala kapena kwa ogulitsa ku depoti. Tengani mtengo wa ndudu imodzi, chulukitsani ka 20, lembani umenewo ngati mtengo wa paketi. Ngati kwacha palibe pa mndandanda wa ndalama, musadandaule ndi chizindikiro, nambala ndiyo yofunika. Werengeraninso ndudu zopempha kwa anzanu ndi zija zogawana, chifukwa mapapo sasankha kuti wagula ndani. Osuta chingambwe, chomwe sichisowa mu mzinda umene mabelo a fodya amatsikira ku Kanengo chaka ndi chaka, muwerenge chopichira chilichonse ngati ndudu yathunthu. Kukhala chochokera kumunda sikuchichotsera poizoni.

Mlungu ukatha, yang'anani zimene mwalemba. Mudzaona nthawi zitatu kapena zinayi zikubwerezabwereza: podzuka, mutangodya nkhomaliro, podikira minibasi, poonera mpira, Lachisanu pa mowa. Tcherani alamu kuti ilire mphindi 10 nthawi iliyonse isanakwane, ndipo dzina la alamuyo likhale chochita chenicheni, monga "imwa madzi, yenda mpaka pa msewu" kapena "imbira achimwene". Uthenga wongoti "limba mtima" suuza manja chochita.

Chimene chimalepheretsa ambiri ndi foni yomwe. Mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Infinix amatseka mapulogalamu amene simukuwagwiritsa ntchito pofuna kusunga batire, ndiye mauthenga okumbutsa amangosiya kubwera. Lowani mu Settings, pezani pulogalamuyo, loleni mauthenga ake, ndipo pa gawo la batire ichotseni m'gulu la zotsekedwa. Kenako zimitsani data ndi kuyesa kulemba chibaba. Ngati ikukana popanda intaneti, isintheni, chifukwa bandulo ikhoza kutha tsiku lachitatu lomwe lija.

Mukaterereka n'kusuta imodzi, mapulogalamu ena amabweza masiku anu pa ziro, ndipo anthu ambiri amakhumudwa n'kufufuta pulogalamuyo. Musatero. Lembani ndudu imeneyo ndi chimene chinaichititsa, onjezani alamu pa nthawi imeneyo, pitirizani tsiku lomwelo. Ndalama zimene foni ikuti mwapulumutsa muziziika padera ndithu pakutha pa mlungu, kaya pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki m'khonde.

Za mawotchi, ndinene mosabisa: musagule wotchi chifukwa cha fodya basi. Panapangidwa mapulogalamu, monga SmokeBeat komanso StopWatch ya akatswiri a ku University of Bristol ku UK, amene amagwiritsa ntchito tizida ta mu wotchi tozindikira kuyenda kwa dzanja, n'kuona likamapita kukamwa mobwerezabwereza. Koma dzanja limapitanso kukamwa podya nsima, mtedza kapena chimanga chootcha, choncho wotchi ikhoza kulemba ndudu imene simunasute. Mukaivala kumanzere pamene mumasutira kumanja, siona kanthu. Ndipo mawotchi otchipa amene ali mbwee mu Old Town ambiri amangowerenga masitepe ndi kugunda kwa mtima.

Ngati muli nayo kale, kugunda kwa mtima ndiko kothandiza. Nikotini amathamangitsa mtima, ndipo munthu akasiya, kugunda kwake pa nthawi yopuma kumatsika m'masiku oyambirira. Yezani m'mawa uliwonse musanadzuke pa bedi, kuyambira mlungu umodzi musanasiye, kuti mukhale ndi pofananitsira. Lamba akhale wogwira khungu, pamwamba pang'ono pa fupa la dzanja, ndipo musagwedezeke kwa mphindi imodzi. Kauni kobiriwira ka pansi pa wotchi kamawerenga molakwika lamba akakhala wolobodoka. Itchajeni masana magetsi akalipo kuti usiku muzigona nayo.

Chida chimene chimaonetsa kusintha msanga ndi choyezera carbon monoxide (mpweya wapoizoni wa mu utsi) mu mpweya umene mumapuma, monga iCO Smokerlyzer imene imalumikizidwa ku foni. Kokani mpweya, usungeni masekondi 15, kenako uzirani pang'onopang'ono mpaka uthe. Amene wasiya fodya amayenera kupeza nambala yosafika 10 ppm (muyezo wa kuchuluka kwa carbon monoxide), ndipo amafika pamenepo mkati mwa tsiku limodzi. Yezani madzulo, chifukwa m'mawa ngakhale wosuta amapeza nambala yotsika atagona usiku wonse. Mbaula ya makala imatulutsa mpweya wapoizoni womwewu, choncho ophikira m'nyumba akhoza kuona nambala yokwera asanasute. Zikatero, mbaula ituluke panja, pakuti mpweyawu umapha. Fodya wa m'mphuno ndi wa m'kamwa sazindikirika ndi chidachi.

Palibe foni kapena wotchi imene imapatsa thupi nikotini amene likufuna. Ngati mumasuta ndudu zoposa 10 patsiku, kapena mumayatsa yoyamba pasanathe mphindi 30 mutadzuka, funsani ku famase za zigamba zomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini. Kwa osuta ndudu zoposa 10 patsiku, mlingo wodziwika wa zigamba ndi 21 mg kwa milungu 6, kenako 14 mg milungu iwiri ndi 7 mg milungu iwiri. Chingamu mumatafuna pang'ono mpaka mumve kuyabwa, n'kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama. Mukachitafuna mosalekeza chimapweteketsa m'mimba. Amayi oyembekezera, odwala mtima ndi amene amamwa mankhwala a matenda a maganizo ayambe aonana ndi dokotala, chifukwa kusiya fodya kumasintha mmene thupi limagwiritsira ntchito mankhwala ena. Khofi nayenso amakhalitsa m'thupi mukasiya, choncho chepetsani ndi theka ngati tulo tikuvuta.

Kutsokomola kukhoza kuonjezeka milungu yoyamba pamene mapapo akuchotsa makhololo, ndipo mapulogalamu ambiri amati n'chizindikiro chabwino. Koma chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena pakhale magazi, thukuta la usiku kapena kuonda, pitani ku Bwaila kapena chipatala cha m'dera lanu mukayezetse TB. M'zipatala za boma kuyezetsa ndi mankhwala ake n'zaulere.