Masekondi 30 otsegulira pulogalamu yathu

Pa ntchito yotsekera semesita, gulu lathu linapatsidwa pulogalamu ya pa TV ya achinyamata ochita malonda mumzinda wa Blantyre. Anzanga anatenga zojambula ndi kufunsa mafunso. Ine anandisiyira kachigawo kotsegulira, kaja kokhala ndi nyimbo, dzina la pulogalamu ndi mayina a oulutsa. Aphunzitsi anati kasapyole masekondi 30.

Ndinagwiritsa ntchito DaVinci Resolve yaulere ija, pulogalamu ya pakompyuta yodulira ndi kulumikizira makanema. Ndisanalowetsemo kanema aliyense ndinatchera kukula kwa chithunzi pa 1920 x 1080 ndi mafelemu (zithunzi zotsatizana zopanga kanema) 25 pa sekondi, monga momwe TV ya kuno imayendera. Izi zimafunika kuchitiratu, chifukwa ukangolowetsa makanema Resolve imatseka nambala ya mafelemuyo. Ndiye kuti ndinali ndi mafelemu 750 basi oti ndigawe.

Kenako nyimbo, zithunzi ndisanazikhudze. Nyimbo ya woyimba wotchuka ili ndi mwini wake, chilolezo chake mpaka ukakambirane ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, ndipo ndalama zotero tinalibe. Mnzathu amene amaimba kiyibodi kutchalitchi anatipangira kanyimbo ka ng'oma ndi besi. Ndinakaika pa timeline, mzere woyalapo makanema ndi mawu, n'kumamvetsera chala chili pa batani la M loikira chizindikiro. Ng'oma yaikulu ikagunda, ndadina, chizindikiro chakhala. Pazizindikirozo m'pamene ndimadula. Kondakitala wa minibasi ku Limbe akumenya chitseko, ng'oma. Mpeni wa mnyamata wa chipisi ukugwera pa mbatata, ng'oma. Kunena zoona, ntchito yonse yagona pamenepa. Chithunzi chikachedwa ndi mafelemu atatu okha, woonera sanganene chalakwika n'chiyani, koma amamva kuti chinachake chikukoka mwendo.

Makanema ena anajambulidwa pa foni, pa mafelemu 30. Ndinalowa mu Clip Attributes, posinthira makhalidwe a kanema aliyense mu Resolve, n'kuwasintha kukhala 25. Anthu anayamba kuyenda mochedwerako pang'ono, zomwe sizinavute popeza mawu awo sindimawafuna. Laputopu nayo imachita befu, moti ndinapanga ma proxy, makope opepuka a makanemawo, kuti izitha kuseweretsa osadukizadukiza.

Mayina ndiwo anandidyera nthawi. Ndinayatsa mizere ya safe area kuti zilembo zisafike m'mphepete, poti TV zina zimadula m'mbali. Dzina lililonse ndimaliwerenga mokweza kawiri mosathamanga, likazimiririka ndisanamalize ndimaliwonjezera nthawi. Zilembo zoyera zimasowa pa thambo lowala la masana, choncho ndinayala kamzere kakuda kuseri kwake. Panalinso dzina lina lokhala ndi ŵ, ndipo font (mtundu wa zilembo) yokongola imene gulu linasankha inalibe chilembocho, imangoonetsa kabokosi. Tinaisiya n'kutenga ina yosadzionetsera. Mmodzi wa ife amafuna kuti zilembo zizizungulira ndi kuphulika ngati za pa kanema wa ukwati. Ndinakana. Zinangolowa chotsetsereka kuchokera kumanzere, zonse mofanana.

Nanga dzina la ndani liyambe? Apa panavuta kuposa kompyuta. Tinamvana kuti kumayambiriro kukhale oulutsa awiri okha, ena tonse tidikire kumathero a pulogalamu.

Kukwera kwa mawu ndinakuyeza mu Fairlight, gawo la Resolve lokonzera mawu, kulondola -23 LUFS ya EBU R128, muyezo wa kukwera kwa mawu pa TV, kuti nyimbo isadzidzimutse munthu amene wangotsegula TV. Nditatulutsa fayilo ya kanemayo ndinaiika pa flash n'kukaionera pa TV yeniyeni, nditakhala patali ngati mmene anthu amakhalira pabalaza. Mayina amene amaoneka aakulu pa laputopu anachepa, ndipo ndinabwerera kukawakulitsa.

Ndikupereka kachigawoko, aphunzitsi anaonera kawiri osayankhula. Kenako anafunsa kuti, "Nanga woulutsa alowera pati?" Ndinati, "Bwana, taonani kumapetoku." Dzina la pulogalamu limaima phee kwa masekondi awiri omaliza, nyimbo ikutsika, kuti amene akulumikiza pulogalamu yonse apeze polowetsera moni wa woulutsa. Anagwedeza mutu n'kuitana gulu lotsatira.